Musanapereke mabuku anu kwa munthu, funsani pepala lake

Lero nkhani yatalika, choncho amene muli ndi kasitomala patsogolo yambani mwam'gulitsa, muwerenga pambuyo. Ndifuna tikambe za anthu amene timawapatsa mabuku athu a ndalama, awa timati maakauntanti. Kodi munthu amayenda njira yotani kuti afike pa dzina limeneli? Nanga ife ogulitsa vitenge, salaula, mapoto ndi mabulangete, zitikhudza bwanji?

Yambani mwadzifunsa nokha. Mukakwera basi ya ku Chipata pa Intercity, mumafuna kuti dalaivala akhale ndi laisensi yake ya PSV. Mwana akadwala, simum'pereka kwa munthu aliyense amene wavala jekete loyera. Koma kabuku kamene muli moyo wonse wa shopu, pamodzi ndi TPIN ndi pasiwedi ya ku ZRA, anthu amapereka kwa mnyamata chifukwa chabe wamanga tayi ndipo wanyamula laputopu. Ambiri safunsa kuti anaphunzira kuti, kapena kuti akalakwa adzakam'nenera kwa ndani. Amachita manyazi, ati angaoneke ngati osaphunzira. Koma makolo anati safunsa anadya phula.

Ine ndagulitsa nsalu muno mu Kamwala kuyambira zaka za m'ma 1990. Masiku aja wamalonda ankangofuna mutu wabwino ndi kabuku ka mwana wa sukulu. Tsamba lina la nkongole, tsamba lina la zimene waoda, basi. Ndinalipo mu January 2013 pamene anachotsa mazero 3 pa kwacha, tonse n'kumawerenga mitengo kawiri, ya kale ndi ya tsopano. Manje zinthu zinasintha kwambiri. Ukafuna dzina la bizinesi upita ku PACRA. Ukalowa pa turnover tax, mwezi uliwonse uyenera kuuza ZRA zimene wagulitsa ndi kulipira pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ukalemba antchito, pali NAPSA ndi PAYE. Ukafuna nkongole ku banki, akuti bweretsa maakaunti. Ukafuna kupereka mayunifolomu ku sukulu kapena makatani ku ofesi, akuti onetsa tax clearance. Munthu amene waima tsiku lonse kuitana makasitomala alibe mphamvu yokhala pa kompyuta usiku. Ndiye amafuna wom'thandiza. Ndipo pamene pali kusowa, pamabwera othandiza enieni, pamabweranso afisi.

Ndikuuzeni za mayi wina amene tinayandikana naye malo kwa zaka zambiri. Dzina sinditchula, ndipo anandilola kuti ndikambe kuti ena apulumuke. Mayiyu ankagulitsa mabulangete ndi zofunda, wolimbikira zedi, wotsegula m'mawa ife tisanafike. Kunabwera mnyamata wina waulemu, wolankhula Chingerezi chosalala. Anati, "Amai, osavutika, ine ndine accountant, nizasebenza vonse." Mwezi ndi mwezi mayi ankam'patsa ndalama za msonkho pamodzi ndi kake ka ntchito, iye n'kubweretsa pepala losindikiza lokhala ndi manambala. Mayi ankapinda pepala lija n'kuika m'chikwama, mtima uli m'malo. Zinayenda choncho pafupifupi zaka 2.

Tsiku lina mwayi unagwa, sukulu ina yogonera komweko inafuna mabulangete ambiri. Anati bweretsani tax clearance. Apo m'pamene zinaululika. Miyezi yambiri mnyamata uja ankalemba kuti shopu sinagulitse kanthu, miyezi ina sanalembe n'komwe, ndipo ndalama zija zinkathera m'thumba mwake. Mapepala aja anali ongopanga yekha. Foni yake inazima tsiku lomwelo. Nkongole ya msonkho, chilango ndi chiwongola dzanja, zonse zinatsala pa dzina la mayi, kaili TPIN ndi yake. Oda ya mabulangete inapita kwa wina. Anagulitsa firiji ya kunyumba, anatenga chilimba chisanafike pa iye mochita kupempha, ndipo mwana wake anakhala temu imodzi osapita ku koleji.

Chimene chinandipweteka koposa ndi ichi. Pamene tinayamba kufufuza kuti mnyamatayu tikam'nenere kuti, tinapeza kuti dzina lake silinali m'kaundula aliyense wa maakauntanti. Analibe pepala loti wina angam'lande. Analibe chilichonse choti angataye. Anangosamukira ku msika wina, mwina lero ali ku Matero kapena ku Chawama, akuuza mayi wina kuti osavutika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mverani mmene lamulo la dziko lino linakonzera nkhaniyi. Muno mu Zambia muli bungwe lotchedwa Zambia Institute of Chartered Accountants, tonse timangoti ZICA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1982, ndipo lero likuyenda pansi pa Accountants Act ya mu 2008. Likulu lake lili ku Accountants Park, mu msewu wa Thabo Mbeki, muno mu Lusaka momwemuno. Lamuloli likuti munthu sangagwire ntchito ya uakauntanti kapena kudzitcha akauntanti ngati sanalembetsedwe ku ZICA. Olo akhale ndi digiri ya ku UNZA kapena ya ku Copperbelt University, olo anakhoza ACCA kapena CIMA ya ku Britain, afunika kulembetsa ndithu. Ndipo lamulo silinasiye olemba ntchito, nawonso saloledwa kuika pa mpando wa akauntanti munthu wosalembetsedwa.

Njira yake ndi yaitali, ndipo ndifuna muione bwino, makamaka inu makolo. Mwana amayamba ndi satifiketi ya Grade 12 yokhala ndi magiredi abwino m'maphunziro 5, ndipo pa 5 amenewo Masamu ndi Chingerezi zisasowe. Apa m'pamene ana ambiri a m'makomboni amagwera, chifukwa Masamu anawathawa kuyambira Grade 8. Akapyola apo, ena amayamba ndi Diploma in Accountancy, ena amalowa mu pulogalamu ya CA Zambia imene ZICA inayambitsa mu 2017. Pulogalamuyi ili ndi masitepe 3. Loyamba amati Knowledge, kumene mwana amaphunzira maziko: kulemba mabuku, masamu a bizinesi, malamulo ndi chiyambi cha msonkho. Lachiwiri amati Application, kumene ayenera kuonetsa kuti angathe kukonza maakaunti a kampani, kuwerengera msonkho ndi kufufuza mabuku a ena. Lachitatu amati Advisory, kumene amayesedwa ngati angathe kulangiza eni bizinesi pa nkhani zolemera. Amene ali kale ndi digiri kapena dipuloma amakhululukidwa mapepala ena, koma sakhululukidwa onse.

Mayeso okha sakwanira. Pamwamba pake pali zaka 3 za kuphunzira pa ntchito, pansi pa munthu amene anayenda kale njirayi, ndipo zimene wophunzirayo wachita zimalembedwa ndi kusainidwa. Umembala nawo uli ndi makwerero ake: Technician, Licentiate, Graduate, Associate, ndipo pamwamba Fellow. Mukaona zilembo AZICA kapena FZICA kumapeto kwa dzina la munthu, dziwani kuti akunena za makwerero awiri omalizawa.

Pali chinthu chimodzi chimene amalonda ambiri sadziwa, ndipo ndicho chofunika kwambiri kwa ife. Kukhala membala wa ZICA n'kosiyana ndi kukhala ndi chilolezo chotsegula ofesi yothandiza anthu. Munthu angakhale membala weniweni, akugwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya migodi. Koma kuti aike chikwangwani n'kumalandira mabuku a inu ndi ine, afunika pepala lina lotchedwa practising certificate. Ili salitenga asanagwire ntchito zaka zina zoonjezera ndi kuyesedwanso. Lilipo la anthu ololedwa kuchita audit, ndiye kuti kufufuza mabuku ndi kusaina kuti ndi oona, ndipo lilipo la ntchito zina zosakhala audit. Pepalali limatha, ayenera kulikonzanso chaka ndi chaka, ndipo membala aliyense amayenera kupitiriza kuphunzira, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti ya chaka chilichonse. Akanama, akabisa kapena akadya ndalama za kasitomala, ku ZICA kuli komiti ya mwambo imene ingam'dzudzule, kum'lipiritsa, kum'imitsa, ngakhale kum'fafaniza m'kaundula.

Si kuno kokha. Ku Malawi kuli ICAM. Ku America amati CPA, ndipo munthu satenga dzinalo asanamalize maphunziro, mayeso ndi nthawi ya pa ntchito, laisensi n'kuipereka boma la chigawo chake. Maina ndi osiyana, koma mfundo ndi imodzi: amene agwira ndalama za anthu ena, payenera kukhala wina amene wam'gwira iye.

Njira imeneyi ndaiona ndi maso anga m'nyumba mwathu. Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakulira ku Kanyama. Atamaliza Grade 12 anabwera kudzandithandiza kupima nsalu, ndipo madzulo ankayenda wapansi kupita kukalasi. Paja ZCAS, sukulu ya maakaunti imene inakhazikitsidwa mu 1989, ili pompano mu msewu wa Dedan Kimathi, pafupi ndi Intercity, ndipo m'tauni muli masukulu ena ophunzitsa zomwezi. Ndinamuona akuwerenga pansi pa kauntala, buku lili pa mpukutu wa chitenge, kasitomala akabwera n'kuika pensulo m'tsitsi. Nthawi ya mvula, Kanyama atadzaza madzi, ankamanga mabuku m'pulasitiki n'kuwasenza pamutu. Malaiti akapita ankawerenga ndi tochi ya foni.

Pepala lina la msonkho linam'gwetsa kawiri. Kachiwiriko analira kumbuyo kwa shopu, akuti, "Amalume, ine nalema. Anzanga onse asebenza, ine nikali kulemba chabe." Ndinam'yankha kuti, "Mwana wanga, walira mvula walira matope. Ukufuna kuti tsiku lina anthu adzakhulupirire siginecha yako popanda kukuona nkhope. Chinthu chotero sachigula pa mtengo wa tomato." Analembanso kachitatu ndipo anakhoza. Lero ali m'zaka zake za kuphunzira pa ntchito, malipiro ndi ochepa, amabwera kunyumba usiku. Anzanga pamsika amam'funsa kuti awasainire mapepala a ku banki, iye amakana mwaulemu, ati nthawi yake yosaina sinakwane. Ena amakwiya, ati wayamba kudzimva. Ine ndikamumva akukana choncho, mtima wanga umasekera, chifukwa ndimadziwa kuti chimene anapita kukaphunzira chalowa.

Mwina wina akuti, a bambo inu, kodi pepala limasandutsa munthu kukhala woyera mtima? Iyayi, ndipo sindinganame. Ku America kunali kampani yaikulu ya magetsi ndi gasi yotchedwa Enron, ya mu mzinda wa Houston. Inagwa mu December 2001, zitadziwika kuti inkabisa nkongole ndi kukuza phindu pa mapepala. Antchito ambiri anataya ntchito pamodzi ndi ndalama zimene anasungira ukalamba. Amene ankafufuza mabuku ake anali Arthur Andersen, imodzi mwa makampani 5 aakulu a maakauntanti pa dziko lonse, odzaza ndi anthu a mapepala apamwamba. Choncho inde, wokhala ndi laisensi angalakwe. Koma onani chimene chinatsatira. Mu 2002 Arthur Andersen inapereka malaisensi ake, makasitomala anathawa, ndipo kampani ya zaka zoposa 80 inatha. Ngakhale khoti lalikulu linadzafafaniza chigamulo cha mlandu wake mu 2005, dzina linali litapita kale. Ndiye kusiyana kwake n'kumeneku. Wa laisensi ali ndi adiresi, ali ndi nambala, ali ndi zaka za thukuta zimene angataye tsiku limodzi. Mnyamata wa laputopu uja amangosintha simu.

Ine mwini, kuti ndiime kutsogolo kwa mpingo ndi kutsogolera mapemphero, ndili ndi chilolezo chochokera kwa a Bishopu. Chilolezocho sichindipanga kukhala wopemphera kuposa amayi a Mothers' Union amene amafika pa maliro alionse ine ndisanafike. Chimangonena kuti ndinaphunzitsidwa, ndinayesedwa, ndipo ndikayamba kuphunzitsa zokhota pali munthu amene angandiitane ndi kundilanda. Pepala la akauntanti nalonso ndi choncho. Silinapangidwe kuti mwini wake azinyada nalo. Linapangidwa chifukwa cha mayi wa mabulangete amene sangathe kuwerenga maakaunti payekha.

Ndipo musaganize kuti kuwerengera ndalama poyera ndi nzeru ya azungu kapena kusakhulupirirana. Tsegulani 2 Mafumu mutu 12. Pa nthawi ya mfumu Yoasi, pofuna kukonza Kachisi, wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pafupi ndi guwa. Likadzaza, sankatsegula munthu mmodzi. Ankabwera mlembi wa mfumu pamodzi ndi mkulu wa ansembe, awiri, wina wa ku nyumba ya mfumu wina wa ku Kachisi, n'kuwerenga ndalamazo ndi kuzimanga m'matumba. Pitani pa Ezara mutu 8. Asananyamuke pa mtsinje wa Ahava kubwerera ku Yerusalemu, Ezara anasankha akulu a ansembe 12, nawapimira siliva, golide ndi ziwiya pa sikelo. Atafika, zonse zinapimidwanso m'Nyumba ya Mulungu, ndipo kulemera kwake kunalembedwa. Anthu amenewa anali atasala kudya ndi kupemphera limodzi, komabe anapima ponyamuka, anapima pofika. Pitaninso pa 2 Akorinto mutu 8. Paulo, mtumwi wathunthu, potumiza chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuchinyamula yekha. Panali Tito, panalinso mbale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke munthu wowanena. Ngati Paulo analola kuperekezedwa, ndani wa ife angakwiye pofunsidwa risiti?

Ngakhale kalembedwe ka mabuku kamene ana athu akuvutika nako ku ZICA, koti ndalama iliyonse ilembedwe mbali ziwiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, kanayamba ndi amalonda ngati ife. Amalonda a ku Italy ndiwo ankachita zimenezi, ndipo mu 1494 mmonke wina wa chipani cha Fransisko Woyera, dzina lake Luca Pacioli, anazilemba bwino m'buku limene linasindikizidwa ku Venice. Choncho ntchito imeneyi inabadwira pamsika. Si ya anthu a m'maofesi okha. Ndi yathu.

Izi zikhudzanso matumba athu a pamodzi. Chilimba, village banking, thumba la maliro la pamsika, komiti yomanga tchalitchi. Ndi magulu angati amene mwaona akutha chifukwa msungichuma anali yekha ndi kabuku, yekha ndi foni ya mobile money, ndipo pofika tsiku logawana akuti ndalama zili ndi anthu? Nthawi zambiri munthuyo sanayambe ngati mbala. Anabwereka pang'ono kuti aode katundu ku Nakonde, ati ndibweza Lachisanu. Lachisanu linapita, anabwerekanso kuti atseke dzenje loyamba. Tikamusiya munthu yekha ndi thumba, tam'ika pa mayesero ife tomwe. Kuwerenga awiri, kusaina awiri, kuonetsa mabuku pa msonkhano wa Vestry chaka ndi chaka, ndi kuitana munthu wa kunja wodziwa ntchito kuti awaone, ndi chikondi kwa msungichumayo. Kumam'teteza ku mayesero ndi ku mijedo yomwe.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: akauntanti weniweni ndi wodula, ine kantemba kanga sikangakwanitse. Zoona, mwandi. Koma mverani. Si aliyense amene afunika akauntanti. Ngati bizinesi yanu ndi yaing'ono, palibe lamulo lokuletsani kulemba kabuku kanu ndi kutumiza nokha zimene mwagulitsa ku ZRA. Pitani ku maofesi awo, funsani, akuonetseni. Tengani mwana wanu wa Grade 11 akhale pambali panu, muphunzire limodzi. Ngati bizinesi yakula, mwalemba antchito, mwayamba kufuna matenda ndi nkongole za ku banki, pamenepo malipiro a akauntanti alowe pa mtengo wa bizinesi monga mmene lendi ndi transipoti zimalowera. Mungathenso kugwirizana anthu 4 kapena 5 a mzere umodzi, n'kupita ku ofesi imodzi yovomerezeka kukakambirana mtengo. Mutu umodzi susenza denga. Chotsika mtengo cha mnyamata uja chinadya firiji, oda ndi temu ya mwana.

Tsono musanapereke mabuku anu kwa munthu, chitani izi. M'funseni dzina lake lonse ndi nambala yake ya umembala wa ZICA. M'funseni practising certificate ya chaka chino, osati ya chaka chatha, ndipo muione ndi maso anu. Pitani mukaone ofesi yake, musamangokumana pa malo odyera. Funsani ku ZICA ngati dzinalo alidziwa, iwo amasunga mndandanda wa anthu ndi maofesi ololedwa. Mugwirizane pa pepala kuti adzachita chiyani ndipo mudzam'lipira zingati. Ndalama za msonkho musam'patse m'manja. Iye awerengere, inu mulipire nokha ku banki kapena pa foni yanu, risiti ikhale m'dzina lanu. Nambala ya foni ndi imelo zimene zili ku ZRA zikhale zanu, kuti uthenga uliwonse uzifika kwa inu. Ndipo akakuuzani kuti tiyeni tilembe zochepa kuti msonkho utsike, nyamulani mabuku anu muchoke. Munthu amene anganamize boma chifukwa cha inu, mawa adzanamiza inu chifukwa cha iye mwini. Akauntanti weniweni sakwiya mukam'funsa pepala. Analivutikira zaka zambiri, amakondwa kulionetsa.

Nanunso muli ndi mbali yanu. Akauntanti, olo akhale Fellow, sangaphike nsima popanda ufa. Ngati simulemba zimene mwagulitsa lero, ngati marisiti a ku holoselo mukulungira nsomba, ngati ndalama za shopu ndi za ndiwo zili m'thumba limodzi la epuloni, adzalemba chiyani? Gulani kabuku kolimba. Madzulo aliwonse musanatseke, mphindi 10 chabe: zalowa zingati, zatuluka zingati, ndani watenga pa nkongole, mwatenga zingati za kunyumba. Ngakhale mbasela ilembeni. Ambiri amene amati bizinesi yawo inalodzedwa, akanakhala ndi kabuku akanaona kuti mfiti yake ndi ka K50 kotuluka tsiku ndi tsiku popanda kulembedwa.

Kwa inu makolo amene ana anu ali pa njira imeneyi, ku George, ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Chawama: musawatopetse ndi funso lakuti udzamaliza liti. Mayeso amenewa amagwetsa ngakhale ana anzeru, ndipo kugwa pepala si kutha kwa ulendo. Fizi ya mayeso ikafika, ithandizeni monga mmene mumathandizira chilanga mulilo ndi kitchen party. Mwana akakhala ndi mayeso, m'pumitseni pa shopu sabata imodzi. Ndipo akayamba ntchito, musam'kakamize kusaina zimene sanaone chifukwa ndinu amalume kapena azakhali. Mungam'gwetsere chinthu chimene wamanga zaka zambiri chifukwa cha nkongole imodzi ya ku banki.

Kwa inu achinyamata amene mukuwerenga izi m'minibasi, buku lili pa maondo: pitirizani. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Musathamangire kudzitcha dzina limene simunalandire, ndipo musabwereke chidindo cha munthu wina. Tsiku lidzafika pamene bwana wamkulu adzakankhira pepala patsogolo panu n'kunena kuti saina chabe, palibe adzadziwa. Tsiku limenelo ndilo mayeso enieni, oposa onse a ku ZICA. Mudzakumbukire kuti kuseri kwa manambala amenewo kuli penshoni ya mlonda, kuli fizi ya mwana wa mayi wa pamsika, kuli mankhwala a ku kiliniki. Ife a ku Kamwala tikudikira ana athuathu amene tingawapatse mabuku athu n'kugona tulo.

Sabata ino ndikupempheni chinthu chimodzi. Amene muli ndi munthu wokusungirani mabuku, m'funseni pepala lake, mwaulemu, musanafike pa 14. Amene muli m'komiti ya thumba lililonse, pemphani kuti pa msonkhano wotsatira ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri pamaso pa onse. Ndipo mukam'dziwa mnzanu amene sawerenga zazitali ngati izi, m'khazikeni pansi nthawi ya nkhomaliro mum'fotokozere.

Tikumbukire m'mapemphero ana onse amene akukonzekera mayeso, asungichuma a m'mipingo ndi m'magulu athu, ndi onse amene anabedwa ndi anthu amene anawakhulupirira. Ambuye adalitse ntchito za manja anu, malonda ayende bwino lero. Mtendere ukhale nanu nonse.